Ankhoswe amakonza banja, koma satseka mlandu

M'midzi ya ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, mkazi akamenyedwa ndi mwamuna wake usiku, kukacha salawirira ku polisi. Amalawirira kwa ankhoswe. Ankhoswe akalephera, nkhani imapita kwa nyakwawa kapena kwa secretário wa bairro, ndipo ikakanika kumenekonso imakafika ku tribunal comunitário. Ku polisi imafikako pomalizira, kawirikawiri patatha sabata kapena mwezi, chotupa chitaphwa, mboni zitayamba kuiwala, mwamunanso atamva kale mphekesera zoti akufunidwa.

Njira imeneyi njakale, ndipo yapulumutsa maukwati ambiri amene akadatha chifukwa cha ndiwo zopserera kapena mawu olakwika a pamowa. Koma pa nkhani ya kumenya, lamulo la dziko lino lidaisintha njirayo mu 2009, ndipo mpaka lero anthu ambiri a m'malire, ngakhale mafumu ena, akuyendabe ngati palibe chidasintha. Zotsatira zake zimakhala ziwiri. Pena mkazi amafika ku polisi mochedwa, wopanda umboni, mlandu nkufera m'njira. Pena amafika msanga, mwamuna nkutsekeredwa, kenaka abale nkumuumiriza kuti akachotse mlanduwo, iye nkukapeza kuti sulinso m'manja mwake.

Lamulo la 2009 likuti chiyani

Lamuloli ndi nambala 29/2009, la pa 29 Setembro 2009, lonena za nkhanza za m'banja zochitira mkazi. Lidadutsa ku Assembleia da República patatha zaka zambiri mabungwe a amayi monga Fórum Mulher, Muleide ndi WLSA akulikakamira. Lisadabwere, mwamuna womenya mkazi wake ankaweruzidwa, ngati nkuweruzidwa komwe, ndi buku la milandu la 1886 limene Apwitikizi adasiya.

Lamulo la 2009 silifunsa ngati ukwati udalembedwa ku Registo Civil, udadalitsidwa kutchalitchi kapena kumzikiti, kapena udangomangidwa ndi ankhoswe pakhonde. Limagwira mwamuna wapanyumba, mwamuna amene adalekana naye kale, chibwenzi, ngakhalenso wachibale. Nkhanza zimene limatchula si kumenya kokha. Mulinso kuopseza ndi kunyoza kosalekeza, kuipitsa mbiri ya mkazi, kumugona mokakamiza ngakhale ali mkazi wa m'nyumba, kumuletsa kuyendera abale ake, kuwononga katundu, kuleka kupereka chakudya cha ana, ndi kulanda chuma cha mkazi wamasiye maliro akatha.

Polemba lamulolo adaika kuti kumenya kosavulaza kwambiri kukhale ndi ndende ya mwezi umodzi mpaka miyezi 6, imene woweruza angathe kuisandutsa ntchito yothandiza anthu. Kugona mkazi mokakamiza adakuikira miyezi 6 mpaka zaka 2. Kuvulaza kwakukulu, kosiya chilema kapena kotayitsa chiwalo, kumaweruzidwa ndi zilango zazikulu za m'buku la milandu. Mlandu umakulanso ngati mwamuna adamenya ana akuona, ngati mkaziyo adali woyembekezera kapena wolumala, kapena ngati sikadali koyamba. Ndipo ngakhale dzina la lamulo likutchula mkazi, ndime ina idanena poyera kuti mwamuna wozunzidwa ndi mkazi wake naye limamuteteza chimodzimodzi.

Koma mutu weniweni wa lamuloli uli pa mawu awiri a Chipwitikizi, oti crime público, ndiye kuti mlandu wa boma. Ilipo milandu ina, monga ya kutukwana, imene imayenda pokhapokha wolakwiridwa akadandaula yekha, ndipo akakhululuka imathera pomwepo. Nkhanza za m'banja sizili m'gulu limenelo. Boma limati mkazi akamenyedwa, wolakwiridwa si iye yekha, ndi dziko lonse. Nchifukwa chake aliyense angathe kukanena: mkazi mwini wake, mlongo wake, namwino amene wamuona, mphunzitsi, kapena woyandikana naye nyumba amene amamva kulira usiku. Angathe kunena pakamwa, polemba kalata, kapena pa telefoni. Ndipo nkhani ikangolembedwa, mwini wake wa mlandu amakhala procurador, loya wa boma woimba milandu. Mkazi sangauchotse, ankhoswe sangauchotse, wapolisi amene adaulembayo nayenso sangauchotse.

Chimachitika nchiyani pa polisi

Polisi ya dziko lino, PRM, ili ndi ofesi yapadera ya nkhani zimenezi. Idayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ku Maputo ndi ku Beira ngati ofesi yolandira amayi ndi ana, ndipo tsopano imatchedwa Gabinete de Atendimento à Família e Menores Vítimas de Violência. Anthu amangoti Gabinete. M'madistrito imapezeka ku comando ya polisi. Kumene kulibe Gabinete, posto iliyonse ya polisi iyenera kulandira dandaulo ndi kulitumiza ku comando.

Malinga ndi dongosolo, wapolisi ayenera kumvera wodandaula padera, osati pabwalo pamene aliyense wodutsa akumva. Amalemba zonse papepala lotchedwa auto, napereka kalata yotchedwa guia yopita nayo kuchipatala. Kuchipatala amamuchiza, nalemba zimene aona pathupi. Mapepala onsewa amapita kwa procurador, ndipo pamene pakufunika kufufuza kwambiri amalowererapo a SERNIC, nthambi yofufuza milandu imene idalowa m'malo mwa PIC mu 2017. Kenaka mlandu umakalowa ku bwalo la milandu la distrito. Lamulo lidati thandizo la ku polisi ndi la kuchipatala pa nkhani imeneyi ndi laulere, ndiponso kuti milandu yotere njachangu, iyenera kutsogola pa inzake.

Mu 2012 boma lidavomereza dongosolo loti polisi, chipatala, mabwalo a milandu ndi a Acção Social azigwirira ntchito pamodzi, ndi pepala limodzi lotchedwa ficha única, kuti mkazi asamafotokoze manyazi ake kanayi kwa anthu anayi. Khomo lililonse mwa anayiwa limene wayamba kugogoda liyenera kumulozera ku enawo.

Izi ndi za papepala. Pansi pano, munthu wa ku Domué, Ntengo-wa-Mbalame, Chidzolomondo kapena Mualadzi ayenera kupeza ndalama ya njinga yamoto kuti akafike ku sede ya distrito, ndipo ulendo sukhala umodzi. Ma posto ambiri alibe galimoto. Mapepala onse ali m'Chipwitikizi, chimene amayi ambiri a kumudzi sachilankhula, ngakhale kuti ku bwalo la milandu munthu ali ndi ufulu wopatsidwa womasulira. Pena kalata yoitanira mwamuna imaperekedwa m'manja mwa mkazi yemweyo kuti akamupatse, zimene zili ngati kutuma nkhuku kukaitana kabawi. Mkazi woopa angathe kupempha kuti kalatayo idzere kwa nyakwawa kapena kwa secretário.

Vuto lina lili m'lamulo momwemo. Chakumapeto kwake muli ndime yoti poligwiritsa ntchito aziganizira zoteteza banja. Mabungwe a amayi adadandaula nayo ndimeyi kuyambira pachiyambi, poti imapatsa mpata wapolisi wosafuna zolembalemba kuti asanduke nkhoswe: awakhazike pansi awiriwo, amulangize mwamuna, awabweze kunyumba, osalemba kanthu. Wodandaula ayenera kudziwa kuti malangizo a pa polisi si chigamulo. Ngati auto sidalembedwe, ndiye kuti boma silidamve kanthu, ndipo angathe kupita yekha ku ofesi ya procurador wa distrito, chifukwa nayonso imalandira madandaulo mwachindunji.

Chifukwa chake mwamuna samangidwa tsiku lomwelo

Dandaulo lomveka kawirikawiri m'midzi nloti mkazi adakanena ku polisi koma mwamuna adagona kunyumba kwake, choncho apolisi adadya ndalama. Ziphuphu zilipo, palibe wokana, koma si nthawi zonse pamene chifukwa chimakhala chimenecho.

Munthu amene wanenezedwa ndi woganiziridwa chabe. Malamulo aakulu a dziko, Constituição ya 2004, amati munthu ngosalakwa mpaka bwalo litamupeza wolakwa. Wapolisi angathe kugwira munthu pompopompo ngati wamupeza akupalamula kapena atangopalamula kumene, chimene pa Chipwitikizi amati flagrante delito. Ngakhale anthu wamba angathe kumugwira pa nthawi imeneyo, bola akamupereke ku polisi msanga osamumenya. Koma mu 2013 bwalo la Conselho Constitucional lidagamula kuti kupatula pamenepo, woweruza yekha ndiye angalamule kuti munthu atsekeredwe podikira mlandu. Wogwidwayonso ayenera kukaonekera kwa woweruza pasadathe maola 48, ndipo woweruzayo angathe kumutulutsa kuti azidikira mlandu ali kunyumba.

Apa ndi pamene kuchedwa kwa masiku a ankhoswe kumaonekera mtengo wake. Anansi akaitana polisi usiku womwewo, mwamuna angathe kugwidwa. Nkhani ikafika patatha masiku asanu, wapolisi amangolemba kalata yomuitana. Kutuluka kwa mwamuna m'chitokosi sikutanthauza kuti mlandu watha, ndipo kutsekeredwa kwake sikutanthauza kuti waweruzidwa.

Pa nthawi yodikirayi lamulo lili ndi zida zina zimene anthu ochepa amazidziwa. Mkazi kapena procurador angathe kupempha woweruza kuti alamule kuti mwamuna alandidwe zida zimene ali nazo, kuti asagulitse kapena kusamutsa katundu wa banja, ndiponso kuti azipereka ndalama ya chakudya cha ana mlandu usadathe. Koma chosapemphedwa sichiperekedwa kawirikawiri. Amene angathandize kulemba pempho lotere popanda malipiro ndi a IPAJ, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, limene lidakhazikitsidwa mu 1994. Lomwelonso limaimira mwamuna wonenezedwa amene alibe ndalama ya loya.

Mlandu suola, koma umboni umaola

Nkhanza za m'banja zimachitika chitseko chili chotseka. Ku bwalo la milandu, mkazi amati adandimenya, mwamuna amati adagwa yekha pochokera kudambo. Woweruza sadalipo. Chimene chimamuthandiza ndi kalata ya kuchipatala ndi mawu a anthu amene adamva kapena adaona.

Mlandu wa Josina Machel, mwana wa malemu Pulezidenti Samora Machel ndi mayi Graça Machel, udaonetsa kuvuta kwake. Mu Outubro 2015, ku Maputo, Josina adavulala mpaka diso limodzi lidasiya kuona, ndipo adaneneza mwamuna amene adali naye pachibwenzi. Mu Fevereiro 2017 bwalo lidampeza mwamunayo wolakwa. Koma mu Junho 2020 bwalo la apilo la ku Maputo lidafafaniza chigamulocho, likunena kuti padalibe mboni yoona ndi maso, ndipo mapepala a madokotala sadatsekeretu mpata woti diso lidavulala mwa njira ina. Mabungwe a amayi adakwiya nacho chigamulo chimenechi. Koma phunziro lake kwa munthu wa kumudzi nloonekeratu. Ngati mlandu wa mwana wa Pulezidenti, wokhala ndi maloya ndi madokotala, udagwedezeka pa umboni, nanga wa mayi wa ku Furancungo wofika kuchipatala patatha masiku khumi udzaima bwanji?

Tsono zofunika ndi zazing'ono koma za nthawi yake. Kupita kuchipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, ngakhale guia ya polisi isadapezeke, chifukwa chipatala nacho ndi khomo lolowera. Kumuuza namwino zoona, osati kunena kuti ndidagundidwa ndi ng'ombe, chifukwa mawu oyambawo ndi amene amalembedwa ndipo adzawerengedwa ku bwalo. Kusunga chovala chong'ambika kapena chamagazi, ndi mpini kapena chikwanje chimene chidagwiritsidwa ntchito. Kujambulitsa mabala pa telefoni ya wachibale asadapole. Ndipo ngati padali kugonedwa mokakamiza, kufika kuchipatala pasadathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amagwira ntchito m'nthawi imeneyo basi.

Za mboni ndiye pali chikhalidwe chimene chiyenera kuunikidwa. Nyumba za m'midzi nzoyandikana, ndipo kulira kwa usiku mudzi wonse umakumva. Koma kukacha aliyense amati za m'nyumba ya eni salowerera. Mboni siyenera kukhala yoona nkhonya ikugwa. Amene adamva kukuwa, amene adatsegulira chitseko mkazi wothawa pakati pa usiku, ankhoswe amene adaweruzapo nkhani yomweyi kawiri kapena katatu m'mbuyomo, onsewa mawu awo ngolemera pamaso pa woweruza.

Mphamvu ya ankhoswe ndi mafumu ithera pati

Boma silidathetse mabwalo a m'midzi. Ma tribunal comunitário adakhazikitsidwa ndi lamulo nambala 4/92 la 1992, ndipo mafumu adazindikiridwa ndi Decreto 15/2000, imene idawabweretsera yunifomu ndi mbendera. Constituição ya 2004 imavomereza kuti m'dziko muno muli njira zosiyanasiyana zothetsera mikangano, koma idaika malire: zisatsutsane ndi mfundo zake, ndipo imodzi mwa mfundozo njoti mwamuna ndi mkazi ngofanana pamaso pa lamulo.

Lamulo la 1992 lidapatsa bwalo la m'mudzi milandu ing'onoing'ono ndi mikangano ya m'maukwati a chikhalidwe. Lingathe kudzudzula munthu pagulu, kumulipitsa, kapena kumupatsa ntchito ya m'mudzi yosapitirira masiku 30. Silingaweruze mlandu umene chilango chake ndi ndende. Popeza kumenya mkazi kuli ndi ndende, ndiye kuti si mlandu wa pansi pa mtengo. Mbuzi imene mwamuna walipira kwa apongozi ingathe kuziziritsa mitima ya mabanja awiriwo, koma siifafaniza mlandu wa boma. Ndipo mfumu imene yamva za kuvulazidwa kwa munthu m'mudzi mwake ntchito yake ndi kudziwitsa polisi, osati kukwirira.

Ankhoswe ambiri amachita zimenezi ndi mtima wabwino. Amaopa kuti ana akula opanda bambo, amaopa manyazi a mtundu. Ena akadali ndi mawu akale oti kumenya ndi mankhwala a banja, ndi oti ukwati nkupirira. Koma pali maukwati ena amene kuyanjanitsa kumangopatsa nthawi tsoka. Pa 14 Dezembro 2016, Valentina Guebuza, mwana wa Pulezidenti wakale Armando Guebuza, adaomberedwa ndi mfuti m'nyumba mwake ku Maputo. Mu Janeiro 2018 mwamuna wake, Zófimo Muiuane, adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 24. Pozenga mlanduwo padamveka kuti banjali lidali pa mkangano kwa nthawi ndithu, ndipo tsiku lomwelo ma padrinho a ukwati wawo, amene kuno angatchedwe ankhoswe, adali atakhala nawo pansi kuti awayanjanitse. Bambo ake a malemuyo ndi amene adali Pulezidenti pamene lamulo la 2009 linkasainidwa.

Palibe amene angaimbe mlandu ankhoswe chifukwa choyesa. Koma zilipo zizindikiro zimene zikaoneka, nkhani siyeneranso kugona m'mudzi: mwamuna akagwira mkazi pakhosi, akatenga mpeni, nkhwangwa kapena mfuti, akanena kuti ndidzakupha kapena ndidzadzipha, akamenya woyembekezera, kapena akabwereza pambuyo polangizidwa. Nthawi imene mkazi wanena kuti akuchoka imakhalanso yoopsa kwambiri, ndipo si nthawi yowasiya awiriwo okha m'nyumba.

Nchifukwa ninji amayi amabwerera kukapepesera amuna awo

Kafukufuku wa boma wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2011 adapeza kuti mkazi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 15 mpaka 49 m'dziko muno adachitidwapo nkhanza za pathupi chikwanitsireni zaka 15. Ofika ku polisi ndi ochepa, ndipo mwa ochepawo ambiri amabwerera patatha masiku awiri kukapempha kuti bambo a ana atulutsidwe. Ena amawaseka kuti sadziwa chimene akufuna. Zoona zake nzakuti amadziwa bwino lomwe. Akufuna kuti kumenya kuthe, osati kuti munda ugone.

Kuno ndalama imabwera kamodzi pachaka, pogulitsa fodya, mbatata ya kachewere, chimanga, nyemba kapena soya. Mkazi amalima nawo kuyambira pa nazale mpaka pa kusankha masamba, koma kawirikawiri dzina lolembedwa pa ngongole ya feteleza ndi la mwamuna, ndipo wolandira ndalama ndi yemweyo. Mikangano yambiri imabuka pa nthawi yomweyi, mkazi akafunsa kumene ndalama yapita. Mwamuna akatsekeredwa pakati pa dzinja, wopalira palibe, wobweza ngongole palibe, ndipo abale a mwamuna amamuloza chala mkaziyo kuti wamangitsa mwana wawo. Wa chikamwini amakhalako bwino, poti ali pamudzi pa amayi ake, alongo ake ndi amalume ake ali pafupi. Wa chitengwa, makamaka kumene kudaperekedwa ng'ombe za malowolo monga mwa Angoni ena, amakhala mlendo pamudzi wa eni, ndipo kwawo amaopa kubweza ng'ombe zimene zidadyedwa kale.

Apa mpofunika kudziwa zinthu zitatu. Choyamba, m'lamulo mulibe pamene padalembedwa kuti wopereka malowolo ali ndi chilolezo chomenya, kapena kuti mkazi ayambe wabweza ng'ombe asadadandaule. Chachiwiri, kukanena ku polisi si kuthetsa ukwati, ndipo si nthawi zonse pamene kumathera ku ndende. Pa mlandu woyamba wosavulaza kwambiri, woweruza angathe kupereka ntchito yothandiza anthu, mwamuna nkumagona kwawo ndi kulima munda wake, koma dzina lake litalembedwa, akudziwa kuti akabwereza chilango chidzakula. Chachitatu, mkazi wochoka sachoka chimanjamanja. Lamulo la banja la 2004, limene lidakonzedwanso mu 2019, limalemekeza ukwati wa chikhalidwe ndi wa chipembedzo ukalembetsedwa ku Registo Civil, ndipo limati mwamuna ndi mkazi amene akhala limodzi ngati banja zaka zoposa 3 osalembetsa, katundu amene apeza pamodzi ngwa onse awiri. Bambo amakhalabe ndi udindo wodyetsa ana ake, kaya ukwati ulipo kaya watha.

Chimene mkazi ayenera kupewa ndi kukasintha mawu ku bwalo chifukwa choumirizidwa. Mlandu sangauchotse, koma akakana zimene adanena poyamba, ndipo mboni palibe, mwamuna amamasulidwa. Amabwerera kunyumba atadziwa kuti polisi si kanthu, ndipo ulendo wachiwiri mkaziyo amavutika kuti amukhulupirire.

Malire ali pakhomo

M'madera ano muli vuto limene anthu a ku Maputo saliganizira. Kuchokera ku Calómuè kupita ku Dedza, kapena ku Biri-Biri kupita ku Ntcheu, ndi ulendo wa miyendo, ndipo pamalo ena msewu wokha ndiwo umalekanitsa maiko awiriwa. Pa nthawi ya nkhondo anthu pafupifupi 1 miliyoni a dziko lino adathawira ku Malawi, ndipo pobwerera pambuyo pa mtendere wa pa 4 Outubro 1992 ambiri adabwera ndi akazi, amuna ndi apongozi a tsidya linalo. Mwamuna akamva kuti polisi ikumufuna, amangokwera njinga kupita kwa amalume ake, ndipo wapolisi wa PRM alibe mphamvu yomutsatira kukamugwira m'dziko la eni.

Komabe kuthawa kwa mwamuna si chifukwa chosiyira kulembetsa dandaulo. Munda wake uli kuno, fodya wake adzagulitsa kuno, maliro a kwawo adzabwera kudzalira kuno. Pepala lolembedwa limamudikira, pamene nkhani yongokambidwa pakhonde imauluka ndi mphepo.

Mlandu umaweruzidwa m'dziko limene udachitikira. Mkazi wa ku Malawi wokwatiwa ku Angónia akamenyedwa kuno, lamulo la Moçambique limamuteteza ngati wina aliyense, ndipo asaope kuti pokadandaula adzafunsidwa za kwawo. Mkazi wa kuno wokwatiwa ku Ntcheu kapena ku Dedza akamenyedwa kumeneko, apite ku polisi ya kumeneko, imene ili ndi ofesi yotchedwa Victim Support Unit, ndipo dzikolo lili ndi lamulo lake la nkhanza za m'banja la 2006. Ambiri a m'malire amathamangira chipatala cha ku Malawi poti ndicho chili pafupi. Pofuna kupulumutsa moyo palibe cholakwika, koma asunge kabuku kapena pepala limene alemberedwa kumeneko, ndipo akabwerera akaonekerenso ku chipatala cha kuno ndi guia ya polisi, kuti m'mapepala a mlandu mukhale kalata yolembedwa m'chilankhulo chimene woweruza amawerenga.

Ntchito ya ankhoswe sidathe

Lamulo la 2009 silidalande ankhoswe ntchito. Ndiwo amadziwa chiyambi cha ukwati, ndiwo adzakambirana za ana, za munda ndi za ng'ombe, ndipo ngati awiriwo adzafune kubwererana mlandu utaweruzidwa, ndiwonso adzawakhazika pansi. Chimene lidawalanda ndi mphamvu yonena kuti magazi amene atuluka athera pano.

Nkhoswe wa masiku ano akagogodedwa m'mamawa ndi mkazi wotupa nkhope, ntchito yake yoyamba si kuitanitsa mwamuna ai. Ndi kumupezera mkaziyo pogona pabwino iye ndi ana, kumuperekeza kuchipatala dzuwa lisadalowe, ndi kukaima naye pa Gabinete ngati mboni. Zokamba za banja zidzabwera pambuyo, onse awiri ali moyo.